Amake Goodness Sanafunsidwe

"Anakutumani ndani kutchula ambulansi?"

Funso la Victoria linagwa pakati pa chigafa ngati khasu loguluka pa mpini, ndipo palibe analitola. Mwamuna wake, Amosi, anapitiriza kutunga masamba a fodya pa singano, mutu uli pansi. Consolata, mlongo wake wa Amosi, anali chakumapeto kwa chigafacho, khanda lili kumsana, manja ali bii ndi utomoni wa fodya. Funsolo silinali lake, ngakhale linaponyedwa mokweza kuti limufike.

"Ndikufunsa inu, bambo a Sankhani. Maliro sanayambire pakhomo pano. Amalume a anzathu akaimirira kufotokoza za matenda amangoti, 'Tinayesetsa, koma Chauta wakonda,' basi n'kukhala pansi. Inu munafuna kuposa akatekisi. Lero taonani. Fodya akupsa m'munda, osoka palibe. Chigafa chonsechi anthu atatu."

"Anayi," anatero Consolata motsitsa mawu, akugwedeza khandalo.

"Alamu, musandiseketse. Mano oseka ndawasiya kunyumba."

Goodness, mwana wamkazi wa Consolata, anamwalira pobereka, pa ngolo, panjira ya kuchipatala, mvula ya Febuluwale ili mkati. Khanda linapulumuka. Pa maliro, monga mwa mwambo, mwini mbumba ndiye anaimirira kuuza anthu momwe imfa inalowera pakhomo. Amosi anavula chipewa n'kunena zimene zinachitika: kuti anaimba foni kuchipatala, kuti anayankhidwa kuti ambulansi yabwerekedwa ku msonkhano wa andale, ndi kuti anamanga ng'ombe. Sanakweze mawu, sanatchule dzina la munthu.

Koma Success, mchimwene wake wa malemuyo, anali ku Joni wopanda mapepala obwererera. Analira pa foni kuti amuonetseko ngakhale bokosi lokha. Consolata anapereka foni yake kwa mayi wina wa kwaya kuti ajambule mwambo wonse. Maliro a masiku ano amatero. Amene ali kutali amalirira pa galasi la foni.

Success, ali yekha m'kachipinda ka malata, anaika kanemayo pa Fesibuku. Tsamba lina la mumzinda, la munthu wodzitcha Mphepo, linamutola. Linadula nyimbo, linadula ulaliki, linadula bokosi, n'kusiya Amosi yekha ndi chipewa chake m'manja. Pamwamba linalemba ndi zilembo zofiira kuti mlimi wolimba mtima wang'alula boma. Pasanapite nthawi kunatuluka gulu lina, la mayina achilendo ndi zithunzi za maluwa, lonena kuti bamboyu walipidwa ndi otsutsa, kuti imfayo n'kutheka sinachitike n'komwe, kuti mlimi weniweni sangakhale ndi jekete yotero. Jeketeyo inali yobwereka. Kenako kunabwera apolisi, ndi mlandu wofalitsa nkhani zosokoneza mtendere kudzera pa intaneti, chinthu chimene Amosi anali asanachigwirepo ndi dzanja lake.

Anatuluka pa belo atatenga zinthu ziwiri, nsabwe ndi chete. Nsabwezo Victoria anaziphera m'madzi otentha. Chete anakhalira. Munthu amene ankakhala nkhoswe ya theka la maukwati a m'mudzimo, amene ankaseketsa adzukulu kumanda mpaka kuiwala kutopa, tsopano ankayankha moni ndi mutu.

"Ndiye mukufuna titani, alamu?" anafunsa Consolata.

Victoria anaika singano pansi. Zinaoneka kuti funso limeneli ndi limene ankalidikira kuyambira m'mawa.

"Ndinakumana ndi a Grey pa msika pa Santhe."

A Grey ankadziwika ndi aliyense, koma ntchito yawo inalibe dzina. Ankayenda pa galimoto yopanda chizindikiro cha ofesi iliyonse, ndipo ankapezeka paliponse pamene pakugawidwa kanthu. Galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu. Anthu ankawapatsa moni ndi manja awiri.

"Akuti nkhaniyi ndi yaing'ono, ikhoza kufera m'mazira. Akungofuna mayi wake wa malemu alankhule pa kanema, timawu tochepa. Mukatero mlandu auchotsa kukhoti."

"Ndinene kuti chiyani?"

"Kuti tinachedwa tokha pakhomo. Kuti tinayamba ndi mankhwala achikuda, ndiye pamene timaimba foni zinthu zinali zitaipa kale. Kuti achimwene anuwa analankhula ndi mutu wa chisoni."

"Anamumwetsa ndani mwana wanga mankhwala achikuda?"

"Palibe, alamu. Ndi mawu chabe."

"Achimwene anagona m'chitokosi chifukwa cha mawu chabe."

"Ndiye mawu omwewo awapulumutse! Goodness wagona, Mulungu amulandire, za pa Fesibuku sakuzimva. Awa ali ndi ana oyang'ana m'manja mwawo. Akakawatsekera, ana amenewo adya kanema? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, alamu. Ine ndamva." Anatembenukira kwa mwamuna wake. "Inu, tanenanitu kanthu! Pa maliro paja pakamwa panali chitsegukire."

Amosi anatola tsamba lina, n'kuliyang'ana mbali zonse ziwiri ngati lili ndi uthenga, n'kulitunga.

Kwathu kuno maliro sathera kumanda. Amene anali kutali amabwera pambuyo pake, mmodzimmodzi, kudzapepesa. Mumawayalira mphasa, mumakhala nawo chete pang'ono, kenako amafunsa kuti, "Zinakhala bwanji?" Ndiye mumafotokoza kuyambira pachiyambi. Mukafotokozera uyu, mukafotokozera uyo, nkhaniyo imanka nipepuka ngati mtolo wa nkhuni umene akuusolola imodziimodzi. Atamwalira mwamuna wake zaka zapitazo, Consolata anafotokoza mpaka anayamba kusekera pakati, pofika pamene malemuyo anakalipira dokotala chifukwa chomuletsa mchere. Maliro n'kulirana.

Za Goodness anali asanafotokozere munthu ngakhale mmodzi.

Amene akanabwera sanabwere. Steven, bambo wa khandalo, anabwerera ku ntchito yake ya ulonda ku Lifupa mwambo utangotha, ndipo ankangotumiza moni kudzera mwa anthu. Ntchito ndi yosowa, ndipo foni, akuti, imamvedwa ndi ena. Pa mjigo, Consolata akamafika, nkhani inkasanduka ya mvula. Amayi amene chaka chilichonse ankabwera kudzasokerana fodya anadwala msana onse nthawi imodzi. Panalibe amene anamuda. Anthu ankangokumbukira kuti fetereza wotsika mtengo amadutsa m'manja mwa anthu, ndipo manja amakhala ndi makutu.

Ndiye tsiku limene anaona Linda akutsika pa kabaza, mtima wake unadumpha. Anakulira limodzi, anabatizidwa tsiku limodzi, ndipo Linda tsopano anali mphunzitsi ku boma. Consolata anayala mphasa pakhonde, anasamba m'manja ndi phulusa kuti utomoni uchoke, anaika khanda pamiyendo. Anakhala chete monga zimayenera. Mawu oyamba anali atafika kale pakhosi: linali Loweruka, ndipo m'mawa mwake anadya dowe.

"Pepa, mnzanga," anatero Linda. "Pepa kwambiri."

"Zachitika."

"Ndi kameneka? Ha, mphuno ya amake! Dzina?"

"Chiyamiko. Anasankhiratu mwini wake."

Consolata anakoka mpweya.

"Linali Loweruka..."

"Usadzivutitse, mnzanga," Linda anamugwira dzanja msanga. "Usadzikumbutse. Ndinaona kale zonse pa foni."

"Pa foni panali achimwene. Ine sindinalipo."

"Ndikudziwa, ndikudziwa." Maso a Linda anali pa zenera, pamene foni ya Consolata inali kudya moto wa sola. "Yazimitsidwa imene ija?"

"Ukuiopa?"

"Iwe sukudziwa za kuntchito. Mnzathu wina anangoika kachala kovomereza pansi pa kanema wa achimwene ako. Anamusamutsira kusukulu imene ngakhale kabaza amakana. Ukayenda siya phazi, Consolata, ukasiya mlomo ukutsata. Ine ndabwera ndi phazi."

Anasiya paketi ya shuga ndi sopo wochapira matewera, n'kunena kuti akuopa mvula. Kumwamba kunali mbee. Consolata anapinda mphasa ija, mawu aja akadali pakhosi pomwepo, ndipo tsiku limenelo ngakhale madzi ankadutsa movutikira.

Foni yokha ndiyo sinamusale. Inalira akuchapa matewera.

"Halo, ndikulankhula ndi mayi a mtsikana wa pangolo uja?"

"Ndinu ndani?"

"Ndine Mphepo, mayi, amene ndinaulutsa nkhani yanu. Dziko lonse lagwedezeka chifukwa cha ine ndi inu. Tsopano tamva kuti akufuna kukugulani. Musalole! Ndikufuna ndikuikeni pompopompo Lamlungu madzulo, anthu akakhala pa mafoni. Mudzanyamule mwanayo, aoneke bwino. Mukafuna kulira musadzigwire, mayi, misozi imayenda kwambiri. Ndipo mudzawatchule mayina, mudzawatukwane ndithu, ine ndili kumbuyo kwanu."

"Kumbuyo kwake kuti?"

"Mayi?"

"Muli kuti inuyo?"

"Zimenezo sindinganene, mukudziwa momwe zinthu zilili."

"Mwana wanga dzina lake mukulidziwa?"

Kunamveka kaphokoso ngati munthu akufufuza m'foni ina. Consolata anadikira pang'ono, chifukwa analeredwa bwino, kenako anadula.

Success anaimba tsiku lomwelo, mawu ali pamwamba.

"Amayi, ndamva za a Grey. Musayerekeze! Amalume ndi ngwazi. Mukanaona zimene anthu akulemba, anthu masauzande, ena ali ku Ulaya. Onse ali nafe."

"Auze abwere adzatisokere fodya."

"Amayi, ine ndikunena zenizeni."

"Inenso. Masamba akugwa okha."

"Ndiye mukuti ndinalakwa? Chemwali wanga afe ngati nkhuku, ine ndingokhala chete?"

Mawu ake anasweka pamenepo, ndipo Consolata anamva mwana wake akulira m'dziko la eni, m'chipinda chimene iye sanachionepo. Anafuna kumuuza. Uyu ndiye anayenera kumva, kuyambira pa dowe paja mpaka pa mapeto.

"Success, mwanawe, tsiku lija..."

"Ayi, amayi, sindingathe. Musandiuze. Ndili ndi ntchito m'mawa, ndikamva sindigona."

Consolata ndiye anamutonthoza, mpaka mayunitsi anatha.

A Grey anatumiza pa foni ya Victoria mawu oti Consolata aloweze, ojambulidwa ndi pakamwa pawo, pang'onopang'ono ngati katekisimu wa ana. Victoria ankabwera nawo m'mawa uliwonse limodzi ndi phala la mlamu wake. Sanakalipenso. Anayamba kutunga madzi a nyumba zonse ziwiri, ndipo zimenezi zinkalemera kuposa kukalipa.

Consolata anapeza mchimwene wake kukhola, akuchotsa nkhupakupa pa khosi la ng'ombe. Ng'ombe zake ziwiri zokoka ngolo ndi zokhazo zimene ankalankhula nazo tsopano.

"Achimwene."

Amosi anatukula mutu.

"Mlandu uli Lachinayi likubwerali. A Grey akuti abwera Lolemba. Mundiuze chochita."

Amosi anaphwanya nkhupakupa pa mwala.

"Ndinu mwini mbumba. Mukati nena, ndinena. Mukati leka, ndileka."

"Mwana ndi wako, chemwali," anatero, mawu ali okhakhala ngati chitseko chosatsegulidwa kawirikawiri. "Ine ndinangokubwereka pakamwa."

"Anakuchitani chiyani kumene kuja?"

"Palibe."

"Achimwene."

"Palibe anandimenya. Anangondiika kanema uja. Akatha, ayambenso. Akatha, ayambenso. Amati, 'Tamvera, mdala, ndiwe wolankhula bwino.' Ndinafika podana ndi mawu anga." Anasisita ng'ombe ija pamsana. "Mutu ukakula sulewa nkhonya. Usandiganizire."

Koma Consolata anayang'ana dzanja limene linkasisita ng'ombelo. Ili ndi dzanja limene linamulipirira sukulu mpaka pamene analekezera, limene linafolera nyumba yake mwamuna atamwalira, limene linakumba nawo manda a Goodness ngakhale si ntchito ya namfedwa. Anaganiza za ana a Victoria. Anaganiza kuti wakufa sakhumudwa.

Anayamba kuloweza. Ankanena mawuwo kwa Chiyamiko pomumwetsa mkaka ndi kasupuni, poti ndi yekhayo amene ankamvetsera osayang'ana pa zenera. Tinachedwa tokha. Tinayamba ndi mankhwala achikuda. Achimwene analankhula ndi mutu wa chisoni. Pofika Lamlungu ankawanena osapunthwa, ngati pemphero limene munthu amalinena maganizo ali kumunda.

A Grey anafika Lolemba dzuwa litakwera, atavala malaya oyera. Anapereka moni kwa aliyense ndi dzina lake. Anthu amene anali asanapondepo pakhomopo chiikireni maliro anapezeka ali ndi zochita pafupi: wina kufuna nkhuku yosochera, wina kubwereka sefa. Anaima chapatali, pansi pa mtengo wa mango, pamene munthu akhoza kumva koma osawerengedwa kuti analipo.

"Mayi, musaope, sizitenga nthawi," anatero a Grey. Anayang'ana uku ndi uku ngati womanga nyumba. "Mpandowo ayi, uoneka ngati taukonza. Yalani mphasa pakhondepa. Mwana akhale pamiyendo. A Amosi, inu khalani apo, muzioneka pang'ono. Eya."

Anaimika foni yawo pa mtondo wovundikira, n'kuitsamiritsa ku njerwa.

"Tsopano tamverani. Anthu a pa intaneti ndi ochenjera, akaona munthu akulakatula amadziwa. Tichite mwa chikhalidwe chathu. Ine ndikhala ngati ndabwera kudzapepesa. Ndikakufunsani, inu muyankhe zija mwaloweza, momasuka. Mwamva?"

"Ndamva."

A Grey anadina foni. Anavula nsapato, anakhala pa mphasa, anapinda miyendo bwinobwino. Anali mwana wa kumudzi ndithu, ankadziwa kakhalidwe kake. Anaweramitsa mutu, n'kukhala chete nthawi yokwanira. Kenako anatukula maso, mawu ali ofewa.

"Pepani, amake Goodness. Tinali kutali. Zinakhala bwanji?"

Consolata anatsegula pakamwa kuti anene kuti tinachedwa tokha. Mawuwo analipo, okonzeka. Koma kumbuyo kwake kunali ena amene anadikira nthawi yaitali pakhosi, ndipo mphasa inali itayalidwa, ndipo munthu anali atafunsa.

"Linali Loweruka," anatero. "M'mawa mwake anadya dowe. Anati amayi, mundiotchere awiri, winayo ndi wa mlendoyu. Chikwama chake chinali chomangamanga kale, zitenje, lezala, ulusi, beseni. Kuchipatala anamuuza kuti akayambe kudikirira sabata yotsatira, ndipo iye ankamvera, khadi lake la sikelo linalibe mpata. Tikusoka fodya anangoti, amayi, msana. Ndinamuyang'ana kumaso ndipo ndinadziwa. Sitinamumwetse kanthu, ngakhale madzi. Achimwene anaimba foni pomwepo."

"Mayi," anatero a Grey motsitsa.

"Anatiuza kuti ambulansi yabwerekedwa, tipeze njira ina. Galimoto yolowa kuno ndi matope aja panalibe. Achimwene anamanga ng'ombe, tinayala matiresi, tinamufunditsa pepala la pulasitiki lofunditsira fodya chifukwa mvula inali itayamba. Iye ankaseka. Ankati, amayi, mwandisandutsa belo la fodya, mukandigulitse pa mtengo wabwino."

"Mayi, taimani kaye, izi si..."

"Namfedwa sadulidwa mawu, bwana."

Anali Amosi. Sanakweze mawu, koma pansi pa mango paja wina anakhosomola, ndipo a Grey, amene anakhala pa mphasa mwa kufuna kwawo, nsapato zili potero, anatseka pakamwa.

"Titafika padambo anasiya kuseka. Kenako ndinamva hutala kumbuyo. Nditacheuka ndinaona ambulansi, yoyera, matope mpaka m'mazenera. Ndinati Mulungu wamva. Ndinaimirira pa ngolo, ndinavula mpango, ndikukupiza. Hutala analira kachiwiri. Achimwene anakokera ng'ombe pambali kuti iime bwino, mpaka tayala linalowa mu ngalande. Inadutsa. Ikudutsa ndinaona m'kati. Munali mipando ya pulasitiki, yosanjikiza mpaka kudenga."

Victoria anagwira pakamwa. Zimenezi anali asanazimve; panalibe amene anazimva.

"Pa maliro paja achimwene sanazinene. Anakusungirani ulemu. Mwana wanga anali m'pepala muja, samaona. Anafunsa kuti, amayi, yabwera? Ine ndinati, ikukatembenuka, mwanawe, limba. Anafunsanso patapita nthawi. Ndinati, msewu ndi wopapatiza, ikufuna potembenukira."

Anakonza kansalu pamutu pa khanda.

"Uyu anabadwira pomwepo, ngolo itapendekeka. Mchombo ndinadula ndine, ndi lezala lija. Analira bwino. Amake anamumva, anati ndi Chiyamiko ameneyo, kaya mwamuna kaya mkazi. Koma magazi sanaleke. Ndinaika zitenje zonse za m'chikwama, ndinaika changa. Achimwene akukankha tayala ndi phewa. Kutsidya kwa dambo, ku msonkhano kuja, ankayesa zokuzira mawu, tinkazimva bwinobwino, wani, thu, wani, thu. Anati, amayi, ndikuzizidwa. Ndinamukumbatira. Pamene tayala limatuluka, ndinali nditakumbatira mtembo."

Nkhuku yosochera ija inadutsa pakati pa bwalo, popanda woithamangitsa. Pansi pa mango mawu a mayi mmodzi anatuluka okha, monga amatulukira nthawi zonse nkhani yotere ikafika pamapeto: "Pepani." Mwini mawuwo anadzidzimuka nawo, n'kubisala kumbuyo kwa anzake.

A Grey anatenga foni yawo. Chala chawo chinayenda pagalasi kawiri, ndipo aliyense anadziwa kuti kanemayo wafa.

"Izi si zimene tinagwirizana, mayi."

"Munafunsa momwe zinakhalira."

"Tiyambirenso. Mwapepukidwa tsopano, zikhala zosavuta. Timawu titatu tokha."

Consolata anayesa. Anawafunafuna mawu aja, amene dzulo lake ankatuluka okha, ndipo anapeza kuti pamalo pake pali mbee, ngati m'chigafa fodya atapita ku okushoni.

"Bodza la nkhani imeneyi ndinanena kale, bambo, kwa mwini wake, padambo paja. Lina ndilibe."

A Grey anavala nsapato mosafulumira, n'kumanga zingwe zake bwinobwino.

"Ine ndimafuna kukuthandizani," anatero. "Mlandu suola, a Amosi. Tionana Lachinayi." Anayang'ana cha ku mango, n'kumwetulira ngati akuwerenga nkhope. Pamene galimoto inkalira, pansi pa mtengowo panali patatsala sefa yokha.

Victoria sanakalipe. Anakhala pa mphasa pamene panali a Grey, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Bwanji simunandiuze za mipando?"

"Simunafunse, alamu."

"Mwatipha," anatero Victoria, koma motsitsa, ndipo anatambasula manja n'kutenga khandalo. Analiyang'ana nthawi yaitali. "Ndiye Lachinayi tiyenda bwanji? A kabaza onse atiopa. Tikakwerere ku msewu waukulu, tilawire."

Amosi anali chiimire pakona pa khonde, chipewa chili m'manja monga tsiku lija. Consolata anadzuka, anakutumula fumbi pa chitenje chake. Pakhosi panali potseguka, ndipo anamva ludzu, loyamba chimwalirireni mwana wake. Anatunga madzi mu ndowa n'kumwa kapu yonse ataimirira.

"Achimwene," anatero, akutsanulira madzi otsala pansi, "Lachitatu ng'ombe zisagwire ntchito, zidye bwino. Kukhoti tipita pa ngolo."